Andrei Markov, Katswiri Amene Anaŵerengetsera Malembo a Ndakatulo

Andrei Markov anabadwira ku Ryazan, m'dziko la Russia, m'chaka cha 1856. Ali mwana ankayendera ndodo kaamba ka bondo lodwala, ndipo kusukulu phunziro limene ankalikhoza kwenikweni linali masamu okha. Masamuwo ndiwo anamfikitsa ku yunivesite ya St Petersburg, kumene anasulidwa ndi Chebyshev, nadzakhalanso mphunzitsi komweko.

Anali munthu wamakani ndithu. Katswiri mnzake, Nekrasov, ankanena kuti lamulo lalikulu la masamu a mwayi limagwira ntchito pokhapokha zochitikazo zikakhala zosadalirana. Markov anatsutsa zimenezi mu 1906, koma anafunabe chitsanzo chooneka ndi maso. Tsono anatenga ndakatulo ya Pushkin yotchedwa Eugene Onegin, nakopera malembo 20,000 oyambirira, osasiya mipata kapena zizindikiro. Makina analibe, pensulo ndi pepala basi. Anapeza malembo a liwu 8,638 ndi opanda liwu 11,362. Chachikulu nchakuti malembo a liwu aŵiri anatsatana ka 1,104 kokha. Ndiye kuti lembo limatsamira pa linzake limene latsogola, komabe chiŵerengero chonse chimakhazikika. Okonda ndakatulo angati kumeneku nkumlakwira Pushkin, komatu zimene Markov analengeza mu 1913 zinasonyeza kuti chilankhulo nchotheka kuchiyeza ndi masamu.

Anamwalira ku Petrograd mu 1922, makompyuta asanabwere. Mu 1948 Claude Shannon anatsata njira yomweyo popanga ziganizo zonga za Chingerezi, ndipo pambuyo pake akatswiri anaigwiritsa ntchito pophunzitsa makompyuta kuzindikira zolankhula za munthu ndi kulosera mawu otsatira.