BERNHARD GRZIMEK: DOTOLO WA NKHUKU AMENE ANAWERENGA NYAMA ZA KU SERENGETI

Pamwamba pa phiri la Ngorongoro m'dziko la Tanzania, m'mphepete mwa cigwa cacikulu codzaza ndi nyama, pali mulu wa miyala pamene alendo amaima kanthawi asanatsikire kunsi. Pamenepo pagona anthu awiri a ku Germany, mwana ndi atate wake. Mwanayo anaikidwa m'caka ca 1959, ndipo atatewo anamtsatira patapita zaka 28. Iwo ndiwo a Bernhard Grzimek, dzina lobvuta pa lilime limene eni ake amalichula ngati Jimeki. Munthu ameneyu anali mwa anthu oyamba kusonyeza kuti kusunga nyama za m'thengo ndi nchito yofuna maphunziro monga udotolo kapena uphunzitsi, ndi kuti mfuti yokha siikwanira.

Bernhard anabadwa pa 24 April, 1909, m'tauni ya Neisse, imene masiku amenewo inali m'dziko la Germany koma tsopano iri m'dziko la Poland ndipo imachedwa Nysa. Iye anali mzime m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Atate wake anali loya, koma anamwalira iye akali mwana wamng'ono. Nyama zoyamba zimene mnyamatayo anadziwana nazo sizinali mikango kapena njobvu ai, koma nkhuku, makamaka tinkhuku tating'ono timene anali kuweta kuseri kwa nyumba.

M'caka ca 1928 analowa yunivesiti ya ku Leipzig, ndipo pambuyo pake anasamukira ku Berlin, kukaphunzira udotolo wa ziweto. Wophunzira nchito imeneyi amayamba ndi kutumbula nyama yakufa kuti adziwe fupa liri lonse ndi mtsempha uli wonse; kenaka amaphunzira tizirombo toyambitsa matenda, mankhwala ake, ndi zakudya zoyenera mtundu uli wonse wa ciweto. Anatsiriza m'caka ca 1933 nalandira digiri ya udotolo. Boma linawalemba nchito mu unduna woona za cakudya ndi malimidwe, kumene anali kulimbana ndi matenda a nkhuku ndi ng'ombe ndi kukonza kasungidwe ka mazira, ndipo analemba buku la matenda a nkhuku. Munthu amene anaonapo khola lake likutha ndi cideru m'sabata imodzi sangaipeputse nchito yotere.

Pali mbali ina ya zaka zimenezo imene siyenera kubisika. M'caka ca 1937 a Grzimek analowa cipani ca Nazi ca Adolf Hitler, cija cinapululutsa anthu miyandamiyanda, ndipo nkhondo itatha iwo sanafune kubvomera nkhaniyi poyera. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse anali dotolo wa akavalo a asilikali. Ngakhale kumeneko mtima wofuna kudziwa maganizo a nyama sunawacoke, pakuti anali kuyesa ngati kavalo wotayidwa kutali angathe kubwerera yekha kwao.

M'caka ca 1945, nkhondo iri pafupi kutha, iwo anafika mu mzinda wa Frankfurt. Mzindawo unali ndi zoo, ndiko kuti munda wosungiramo nyama za m'thengo kuti anthu azidzaziona, monga Munda Wanga wa ku Chilanga. Koma mabomba anali ataphwanya makola pafupifupi onse, ndipo nyama zazikulu zotsala zinali ngati 20 cabe. Akuluakulu anaganiza zotseka malowo, pakuti anthu eni ake analibe cakudya ngakhale pogona. A Grzimek anapatsidwa udindo woyang'anira zooyo pa 1 May, ndipo pa 1 July anatsegula zipata. Popeza nyama zoti anthu aone zinali zocepa, iwo anaitana oimba, obvina ndi ocita masewera kuti azisangalatsa anthu m'katimo, ndipo ndalama za pakhomo zinagula cakudya ca nyama ndi kumanganso makola. Anakhala pa udindowo zaka 29, kufikira 1974.

Nchito yoyang'anira zoo inawaphunzitsa msanga kuti nyama yogwidwa siikhala ndi moyo cifukwa ca cakudya cokha. Woisunga ayenera kudziwa ngati kwao imayenda yokha kapena pagulu, imadya nthawi yanji, imabisala potani, ndipo imafuna ciani kuti ibale. Zimenezi sizikanaphunzirika ku Frankfurt. Motero kuyambira m'caka ca 1951 anayamba maulendo a ku Africa, poyamba ku Ivory Coast kenaka ku Congo, pamodzi ndi mwana wao Michael amene anali katswiri wojambula kanema. Iwo anapita kukatenga nyama ndi kukaphunzira makhalidwe ake, koma anabwerako ndi nkhawa, ataona m'mene nyamazo zinali kuthera ndi alenje olemera ocokera kunja ndiponso kucepa kwa malo. Kanema amene anatulutsa m'caka ca 1956 wonena za bvutoli anawapezetsa ndalama zambiri.

Ndalama zimenezo ndizo zinawafikitsa ku Serengeti, dambo lalikulu la kumpoto kwa Tanganyika limene linakhala nkhalango ya boma m'caka ca 1951. Boma la atsamunda a ku Britain linali kufuna kusintha malire a nkhalangoyo, ndipo a Grzimek anapereka ndalama zao kuti zigulire nyama malo ena. Woyang'anira nkhalango za dzikolo anawayankha kuti cosowa cacikulu sicinali malo, koma cidziwitso. Panalibe munthu wodziwa kuti nyamazo zinalipo zingati, kapena kumene magulu a nyumbu ndi mbidzi anali kupita mvula ikagwa ndi pamene yaleka. Anthu anali kungonena kuti ziripo miliyoni imodzi, ndipo malire anali kulembedwa pa mapu ndi anthu okhala m'maofesi.

Apa ndi pamene atate a zaka 48 ndi mwana wa zaka 23 anaphunzira kuyendetsa ndeke. Anagula kandeke kakang'ono nakapaka mizeremizere ngati mbidzi, kuti ngati kagwa m'thengo ofunafuna akaone msanga, ndipo mu December 1957 ananyamuka ku Germany kulinga ku Tanganyika. Kawerengedwe kao kanali kotopetsa. Anagawa dziko lonselo m'zigawo, ndipo pa cigawo ciri conse anali kuuluka munsimunsi motsata mizere yoongoka, kupita ndi kubwerera monga mlimi wolima ndi ng'ombe, wina akuwerenga za kumanja wina za kumanzere. Pofuna kudziwa njira za nyamazo, anali kugwira mbidzi ndi zina nazibveka makolala a mitundu yowala m'khosi kuti azizizindikira ali m'mwamba. Anatolanso udzu ndi dothi la m'madera osiyanasiyana kuti aone cimene cinali kukokera nyama kwina ndi kuzicotsa kwina.

Zotsatira zake zinadabwitsa ambiri. Nyama zazikulu zinapezeka pafupifupi 367,000, osati miliyoni ai. Cinanso, magulu akuluwo anali kukhala miyezi yambiri ya dzinja kunja kwa malire atsopano aja. Ciwerengero cao sicinali cangwiro, pakuti maso a munthu wouluka amaphonya zambiri, koma kanali koyamba kuti nkhani ya malire a Serengeti ikambidwe ndi manambala m'manja.

Nchito iri pafupi kutha, pa 10 January, 1959, Michael anauluka yekha. Muimba unagunda phiko la ndekeyo, ndipo inagwa pansi, iye nafera pomwepo ali ndi zaka 24. Anamuika pamwamba pa Ngorongoro. Atate wake anabwerera ku Frankfurt okha, natsiriza kanema amene anayamba awiri, wochedwa Serengeti darf nicht sterben, kutanthauza kuti Serengeti asafe. M'caka ca 1960 kanemayo analandira mphotho ya Oscar ku America. Ndalama zimene anthu anasonkha pokumbukira mnyamatayo zinamanga nyumba yofufuziramo za nyama pa Banagi, m'kati mwa Serengeti, imene inakhala ciyambi ca kafukufuku amene akupitirirabe kumeneko.

Komabe pali anthu amene a Grzimek sanawawerenge bwino, ndiwo Amasai. Iwo anali atadyetsa ng'ombe zao m'madambo amenewo kwa mibadwo, pakati pa nyumbu zomwezo. M'caka ca 1959 anasamutsidwa ku Serengeti kupita ku dera la Ngorongoro. Lamulo losamutsalo linali la boma la atsamunda, osati la a Grzimek, koma iwo anali kukhulupirira ndi kulalikira kuti m'nkhalango ya nyama musakhale munthu ndi mmodzi yemwe, ngakhale mwini dziko, ndipo mau ao anamveka kutali. Madandaulo a Amasai pa nkhani ya malo sanathe kufikira lero. Anthu a m'mphepete mwa gemu ku Luangwa, amene amagona m'minda kupirikitsa njobvu, angamvetse kulemera kwa mlandu umenewu. Kumeneko njira ina inayesedwa kale m'caka ca 1950, pamene Mfumu Nsefu inapatula mbali ya dziko lake kuti ikhale ya nyama, mogwirizana ndi a Norman Carr, ndalama za alendo nkumalowa m'thumba la anthu a mfumuyo.

Codabwitsa ncakuti cimene cinaculukitsa nyumbu za ku Serengeti cinacokera ku nchito ija a Grzimek anaiphunzira paunyamata. Madotolo a ziweto atayamba kupereka katemera kwa ng'ombe za m'midzi yozungulira, woteteza ku mliri wochedwa rinderpest, matendawo analekanso kugwira nyumbu, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1970 ciwerengero cake cinapitirira miliyoni imodzi.

Tanganyika atalandira ufulu m'caka ca 1961, panabuka funso lakuti adzayang'anira nkhalango ndani. Pa nthawi ya atsamunda maudindo akuluakulu onse anali a azungu. Munthu wakuda, ngakhale wodziwa mapazi a nyama iri yonse, anali kungonyamula mfuti ndi katundu. A Grzimek, amene anali kumvana ndi a Julius Nyerere, anaona kuti popanda eni dziko ophunzira nchito yonse idzagwa. Motero bungwe limene iwo anali kutsogolera, la Frankfurt Zoological Society, linali limodzi mwa mabungwe amene anapereka ndalama zoyambitsira koleji ya ku Mweka, m'tsinde mwa phiri la Kilimanjaro, imene inatsegulidwa m'caka ca 1963. Kumeneko ophunzira amaphunzira kuwerenga nyama, kudziwa udzu ndi mitengo imene zimadya, malamulo a zaulenje, kagwiridwe ka mfuti, ndi kayendetsedwe ka nkhalango yonse. Kolejiyo yaphunzitsa anthu a maiko ambiri a mu Africa, ena mwa iwo a gemu a muno m'Zambia. Masiku ano wacinyamata wofuna digiri ya kasungidwe ka nyama angathe kuipeza pa Copperbelt University ku Kitwe.

Iwo eni anapatsidwa uprofesa pa yunivesiti ya Giessen m'caka ca 1960, ndipo pakati pa 1967 ndi 1972 anatsogolera akatswiri ambiri polemba mabuku akuluakulu 13 ofotokoza nyama za dziko lonse. Koma anthu wamba a ku Germany anawadziwa kwambiri pa wailesi ya kanema, pamene kuyambira 1956 kufikira 1987 anali kuonekera atakhala pa tebulo ndi nyama yamoyo pambali pao, nthawi zina nyani, nthawi zina njoka, namapempha oonera kuti asonkhe ndalama zotetezera nyama. Nkhuku zija sanaziiwale: atakalamba analimbana kolimba ndi alimi akuluakulu osunga nkhuku zoikira m'timakola tawaya mopanda ngakhale potambasulira phiko.

A Grzimek anamwalira mwadzidzidzi pa 13 March, 1987, ku Frankfurt, akuonerera masewera a nyama zophunzitsidwa. Anali ndi zaka 77. Mtembo wao unatenthedwa, ndipo phulusa lake linatengedwa kukaikidwa pambali pa Michael ku Ngorongoro.

Kutatsala caka cimodzi kuti amwalire, m'caka ca 1986, bungwe lao linayamba kuthandiza nkhalango ya North Luangwa, pa nthawi imene opha nyama mozemba anali kutsiriza njobvu ndi zipembere za m'cigwaco. Zipemberezo sizinapulumuke, ndipo m'caka ca 1998 zinalengezedwa kuti zatheratu m'Zambia. M'caka ca 2003 boma pamodzi ndi bungwe lomwelo anabweretsa zipembere zisanu pa ndeke kucokera ku South Africa nazitula ku North Luangwa, ndipo zina zinatsatira m'zaka zapambuyo. Zipemberezo zabala ana m'cigwamo.