LEGSON KAYIRA: MNYAMATA AMENE ANAYENDA PANSI KUKAFUNA SUKULU

Wailesi ya kanema inayamba kuulutsa m'dziko muno m'chaka cha 1999. Zisanatero, ana a sukulu a ku Mzuzu ndi m'madera ena ankadziwa za kunja kudzera pa wailesi ya MBC ndi m'mabuku. Buku limodzi linkayenda m'manja ambiri mpaka chikuto kuthothoka, ndipo mwa mabuku otere, ndi ochepa amene amakumbukika monga I Will Try, mbiri ya moyo wa a Legson Kayira imene analemba okha.

A Kayira anabadwa cha m'ma 1942 m'mudzi wa Mpale, kumpoto kwenikweni kwa dziko lino, lomwe panthawiyo linkatchedwa Nyasaland. Banja lawo linali losauka kwambiri. Mwini wake anasimba kuti ali khanda, mayi awo anawaponya mumtsinje wa Didimu kaamba kosowa pogwira, koma anapulumutsidwa, ndipo dzina la mtsinjewo linasanduka lawo. Dzina loti Legson anadzipatsa okha ali pasukulu, pofuna dzina lomveka ngati la Chingerezi.

Atakhoza bwino ku pulayimale, anapita ku sukulu ya sekondale ya Livingstonia, pa phiri la Khondowe, pamene Dr Robert Laws anakhazikitsa mishoni m'chaka cha 1894. Kumeneko anakumana ndi mabuku amene anasintha maganizo ake. Anawerenga za Abraham Lincoln, mwana wa mlimi wosauka amene anadzakhala mtsogoleri wa dziko la America, ndiponso za Booker T. Washington, amene anabadwira muukapolo koma nadzakhala mphunzitsi wotchuka. Mnyamatayo anaona kuti umphawi wa anthu awiriwa sunasiyane kwenikweni ndi wake, ndipo anatsimikiza mtima kukaphunzira kudziko kwawoko.

Kuno kwathu kunalibe yunivesite masiku amenewo, pakuti Yunivesite ya Malawi inalandira ophunzira ake oyamba m'chaka cha 1965. Motero mwana wotsiriza sekondale, wopanda ndalama ndi womuyankhulira, njira yake inkathera pomwepo. Pa 14 October 1958 mnyamata wa ku Mpale ananyamuka wapansi, wopanda nsapato, atatenga kamba wa masiku ochepa, bulangete, kankhwangwa ndi mabuku awiri: Baibulo ndi The Pilgrim's Progress, limene ambiri amalidziwa m'Chichewa kuti Ulendo wa Mkhristu. Cholinga chake chinali kukafika ku Cairo, kumene ankayembekeza kukapeza ntchito m'sitima yapamadzi yopita ku America.

Ulendowo unatenga zaka ziwiri. Anadutsa m'dziko la Tanganyika nalowa mu Uganda, akugwira maganyu m'njira kuti apeze chakudya, kenaka n'kupitiriza. Ku Kampala analowa m'nyumba yowerengeramo mabuku ya boma la America, momwe anapeza buku la mayina a makoleji a dzikolo. Analembera kalata koleji ya Skagit Valley, mumzinda wa Mount Vernon m'chigawo cha Washington, ndipo kolejiyo inamulandira ndi kumulonjeza thandizo la maphunziro. Anapitirira mpaka ku Khartoum m'dziko la Sudan, atayenda mtunda wa mamailosi oposa 2,000. Ophunzira ndi anthu a ku Skagit, amene anali asanamuonepo, anasonkha ndalama za ndege, ndipo anafika ku America mu December 1960. Akuluakulu sananame ponena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Kuchokera ku Skagit anapita ku University of Washington kumene anaphunzira za ndale ndi kayendetsedwe ka boma, kenaka ku St Catharine's College ya Cambridge ku England kukaphunzira mbiri yakale. Buku la I Will Try linatuluka m'chaka cha 1965, ndipo dzina lake linachokera pa mawu olimbikitsa a sukulu yawo ya Livingstonia. Linagulidwa kwambiri ku America, nkhani ya mnyamata wa ku Mpale niimveka m'maiko ambiri.

A Kayira sanalekere pomwepo. Analemba nthano zazitali zinayi: The Looming Shadow mu 1967, Jingala mu 1969, The Civil Servant mu 1971 ndi The Detainee mu 1974. Awiri oyambawo akukamba za moyo wa kumudzi pamene miyambo ya makolo inkakumana ndi sukulu, mpingo ndi boma. Mu Jingala muli bambo wokalamba amene akulimbana ndi mwana wake wofuna kukhala wansembe, mkangano womwe mabanja ambiri anaudziwa. Buku lotsirizalo likusimba za munthu wamba wa kumudzi amene akuzunzidwa ndi anyamata a chipani pansi pa wolamulira wankhanza. Linatuluka pa nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi, pamene anthu ankatsekeredwa m'ndende popanda kuzengedwa mlandu, ndipo wowerenga aliyense ankadziwa dziko limene mlembiyo anali kunena.

Apa ndi pamene pali chowawa cha mbiri iyi. Munthu amene anayenda pansi kukafuna maphunziro anakhazikika ku England, kumene anagwira ntchito yoyang'anira ndi kulangiza anthu olakwira malamulo. Nzeru zimene anazivutikira zinatumikira anthu a dziko lina, pamene ana a kwawo anangomudziwa pa pepala. Anamwalira ku London pa 14 October 2012, patatha zaka 54 zenizeni chinyamukire pa ulendo wake uja.

Lero mwana wa ku Mpale sangafunike kuyenda mpaka ku Khartoum, popeza ku Mzuzu kuli yunivesite, ndipo pa Khondowe pomwe pali ina. Komabe malo ndi ochepa, fizi ndi yokwera, ndipo ambiri otsiriza Fomu 4 amakhala pakhomo osadziwa kolowera. Kwa iwowa, mbiri ya a Kayira ikusonyeza kuti chimene chinawatsegulira khomo si miyendo yokha, koma chizolowezi cholowa m'nyumba ya mabuku, kufufuza ndi kulemba kalata. Ndipo aphunzitsi angakumbukire kuti ulendo wonsewo unayamba pamene mwana wosauka anapatsidwa buku kuti awerenge.