Mwana wa mbusa amene anayeza thambo

Akonzi,

Ndiloleni ndikumbutse abusa ndi makolo za mayi Henrietta Leavitt, mwana wa mbusa wa ku America, wobadwa mu 1868. Ngakhale anagontha makutu, mayiyu ankasanthula zithunzi za nyenyezi ku Harvard pa malipiro ochepa. Mu 1912 anaonetsa kuti mwa nyenyezi zina zophethira, yowala kwambiri ndiyo imachedwa kuphethira. Apa mpamene akatswiri anapezera njira yoyezera mtunda wokafika ku nyenyezi. Iye anamwalira mu 1921, koma osanthula zithunzi za makina a Hubble, amene anatumizidwa mumlengalenga mu 1990, anatsatabe njira yakeyo. Nanga inu mukusiyitsa atsikana sukulu kuti akakwatiwe, mukudziwa nzeru zimene mukukwirira?

Mphunzitsi wopuma,
Dedza.