Jackie Robinson ndi Mwezi wa Okutobala

M'dziko la Amereka, mwezi wa Okutobala, pamene masamba ayoyoka ndipo chisanu chiyandikira, ndiyo nyengo ya mpikisano wotsiriza wa masewera a baseball wotchedwa World Series. M'mwezi womwewu ndimo mudagwa masiku akuluakulu a moyo wa Bambo Jackie Robinson.

Iwo adabadwa m'chaka cha 1919 ku Cairo, m'chigawo cha Georgia. Masiku amenewo anthu akuda sankaloledwa kusewera m'magulu akuluakulu pamodzi ndi Azungu. Koma pa 23 Okutobala 1945 Bambo Branch Rickey, mkulu wa gulu la Brooklyn Dodgers, adawalemba m'gulu lawo laling'ono la ku Montreal, atapangana kuti akamatukwanidwa asamabwezere. Bambo Robinson adasunga panganolo ngakhale chipongwe chidali chosaneneka. Adalowa m'gulu la Dodgers mu 1947, ndipo pa 4 Okutobala 1955 gululo lidagonjetsa New York Yankees, nilipambana World Series kwa nthawi yoyamba.

Pa 15 Okutobala 1972, atafooka ndi nthenda ya shuga ndiponso maso atayamba kuchita khungu, adaitanidwa ku World Series mumzinda wa Cincinnati kuti akalandire ulemu. Kumeneko sadangothokoza ayi. Adauza khamu la anthu kuti chimwemwe chawo chidzakwanira tsiku limene munthu wakuda adzapatsidwe udindo wotsogolera gulu. Adamwalira pa 24 Okutobala, ali ndi zaka 53, asadaone tsikulo. Mu Okutobala 1974 gulu la Cleveland lidasankha Bambo Frank Robinson, amene sadali mbale wawo, kukhala mtsogoleri wakuda woyamba m'magulu akuluakuluwo.