Saul Bass

Saul Bass (8 Meyi 1920 – 25 Epulo 1996) anali katswiri wojambula zithunzi komanso wopanga mafilimu wa ku America. Amadziwika kwambiri chifukwa chosintha chiyambi cha filimu, gawo lomwe limaonetsa dzina la filimuyo ndi mayina a anthu amene anaipanga. Iye anasonyeza kuti mphindi zochepazi zingathe kukonzekeretsa mtima wa woonera nkhani isanayambe.

Ubwana ndi maphunziro

Bass anabadwira ku Bronx mumzinda wa New York, m'banja la Ayuda ochokera kum'mawa kwa Ulaya. Anaphunzira luso la zojambula ku Art Students League, kenako ku Brooklyn College komwe mphunzitsi wake anali György Kepes. M'zaka za m'ma 1940 anasamukira ku Los Angeles n'kuyamba kujambula zithunzi zotsatsira mafilimu.

Ntchito yake m'mafilimu

Pa nthawiyo, mayina a koyambirira kwa filimu ankangolembedwa ngati mndandanda wamba. M'nyumba zambiri zoonetsera mafilimu, makatani sankatsegulidwa mpaka mayinawo atatha. Mu 1954 wotsogolera mafilimu Otto Preminger anakonda chithunzi chimene Bass anajambula potsatsa filimu ya Carmen Jones, ndipo anamupempha kuti akonzenso chiyambi chake.

Chimene chinamutchukitsa ndi The Man with the Golden Arm ya mu 1955, yonena za munthu womangidwa ndi mankhwala ozunguza bongo a heroin, yemwe mbali yake anasewera ndi Frank Sinatra. M'malo moonetsa nkhope ya Sinatra, Bass anayendetsa mizere yoyera pamalo akuda mogwirizana ndi nyimbo ya jazz, mpaka mizereyo inasanduka mkono wokhotakhota. Woonera ankamva kupweteka kwa nkhaniyo asanaone munthu ngakhale mmodzi.

Bass anagwiranso ntchito ndi Alfred Hitchcock m'mafilimu atatu. Mu Vertigo (1958), kamera imayandikira diso la mzimayi, ndipo m'disomo mumatuluka mizere yozungulirazungulira yochititsa chizungulire, yomwe anaikonza mothandizana ndi John Whitney. Mu North by Northwest (1959), mizere yopingasana imasanduka khoma la magalasi la nyumba yosanja. Mu Psycho (1960), mayina amang'ambika pakati, kulosera za munthu wosokonezeka maganizo amene ali pakatikati pa nkhaniyo. Njira yake inali yosankha chithunzi chimodzi chosavuta chimene chanyamula phata la filimu yonse, n'kuchiyendetsa limodzi ndi nyimbo.

Mu 1961 anakwatira Elaine Makatura, ndipo awiriwa anagwira ntchito limodzi mpaka imfa yake. Filimu yawo yaifupi, Why Man Creates (1968), inapata mphoto ya Oscar. Filimu yaitali yokhayo imene Bass anatsogolera ndi Phase IV (1974), yonena za nyerere.

Zizindikiro za makampani

Kuyambira m'zaka za m'ma 1960, Bass anatanganidwa kwambiri ndi kujambula zizindikiro za makampani. Zina mwa izo ndi belu la Bell System (1969), chizindikiro cha United Airlines (1974) ndi mpira wa mizeremizere wa AT&T (1983).

Zaka zomaliza

Martin Scorsese, yemwe anakula akuonera ntchito za Bass, anaitana banjali kuti likonze chiyambi cha Goodfellas (1990), Cape Fear (1991), The Age of Innocence (1993) ndi Casino (1995). Mu Casino, thupi la munthu limaoneka likugwa kudutsa m'malawi a moto ndi magetsi othwanima a ku Las Vegas, chizindikiro cha kugwa kwa mwininkhaniyo.

Bass anamwalira ndi matenda a khansa ku Los Angeles ali ndi zaka 75. Ntchito zake zimaphunzitsidwabe m'masukulu a zojambula ndi a mafilimu.