Edwin W. Smith, Mbusa Amene Anakhala Pansi Kuphunzira kwa Aila

Ife amene tiphunzitsa kuno ku Kafue timaona mtsinje wathu tsiku ndi tsiku, koma sitikumbukira kawirikawiri kumene madzi ake adzera. Asanafike kuno amayamba adutsa m'madambo aakulu a ku Namwala, dziko la Aila ndi ng'ombe zao. Kumeneko kunakhala mbusa wina amene mbiri yake itifunsa funso lalikulu: kodi woyenera kulemba za ife ndani, ndipo zolembazo zimathandiza yani?

Edwin William Smith anabadwa mu 1876 ku Aliwal North, m'dziko la South Africa, kumene atate wake anali mtumiki wa mpingo wa Primitive Methodist. Anaphunzira ku England, nabwerera ku Afrika mu 1898, ndipo anayamba wakhala pakati pa Asutu kuphunzira chinenero chao. Mu 1902 iye ndi mkazi wake Julia anafika ku mishoni ya Nanzela, ndipo pambuyo pake anatsegula mishoni ya Kasenga, pakati penipeni pa Aila.

Anafika pa nyengo yovuta. Kwa zaka zambiri Alozi ndi Andebele anali kuthira nkhondo Aila, kulanda ng'ombe ndi kutenga anthu ukapolo, ndipo Aila eni ake anali naonso akapolo m'midzi mwao. Mu 1906 mfumu Lewanika inalengeza kutha kwa ukapolo m'dziko lake. Koma pamene goli lakale linali kuthyoka, lina linali kulowa. Kampani ya British South Africa inali italanda ulamuliro ndi kuika msonkho wa nyumba, kotero kuti amuna anayamba kusiya mabanja kukafuna ndalama ku migodi ndi ku minda ya Azungu.

Azungu ambiri a masiku amenewo anayesa kuti munthu wakuda alibe choti angaphunzitse mzungu. Smith sanatero. Anakhala pansi ndi akuluakulu, kumva milandu, nthano ndi miyambi, ndi kufunsa tanthauzo la mau ali onse. Mu 1907 anasindikiza buku lophunzitsa Chiila, ndipo mu 1915, chaka chimene anachoka, Chipangano Chatsopano chinatuluka m'chinenerocho. Anapeza kuti Aila anali kudziwa kale Mlengi, amene amamutcha Leza, ndipo anakhulupirira kuti Uthenga Wabwino ufika kudzakwaniritsa chimene anthu anachidziwa pang'ono, osati kudzafafaniza zonse.

Mu 1920 kunatuluka buku lake lalikulu la zigawo ziwiri, The Ila-Speaking Peoples of Northern Rhodesia. Analilemba pamodzi ndi Andrew Dale, bwana wa boma wa ku Namwala, amene anamwalira mu 1919 lisanatuluke. M'menemo muli za ng'ombe, ukwati, maliro, malamulo, mankhwala, ndiponso za moyo wa akapolo. Kufikira lero ophunzira amalitsegula akafuna kudziwa za Aila akale.

Atachoka kuno anagwira ntchito zaka zambiri ku British and Foreign Bible Society, koma mtima wake unatsalira ku Afrika. Mu 1926 analemba The Golden Stool. Dzinali lichokera ku mpando wagolide wa Aashanti a ku Ghana. Mu 1900 bwanamkubwa Frederick Hodgson anafuna kuti am'patse mpandowo akhalepo, osadziwa kuti kwa eni ake ndiwo mzimu wa mtundu wonse, ndipo panabuka nkhondo imene anaitsogolera mayi Yaa Asantewaa. Smith anaona m'nkhaniyi chithunzi cha utsamunda wonse: wolamulira wosadziwa anthu ake amapha chimene sachimvetsa. Anaonetsa m'mene kulanda malo ndi kukokera amuna ku ntchito zakutali kunali kuphwasulira midzi.

Mu 1929 analemba mbiri ya Dr. James Aggrey, mphunzitsi wa ku Ghana amene anali m'gulu la Phelps-Stokes loyendera sukulu za mu Afrika. Gululo linafika kuno ku Kafue mu 1924 pa msonkhano wa amishoni, pa sukulu ya aphunzitsi imene mpingo wa Smith unamanga ndi kuiika m'manja mwa John Fell. Kuti mzungu aike munthu wakuda monga chitsanzo kwa onse chinali chinthu chachilendo pa nthawiyo. Kuyambira 1933 kufikira 1935 Smith anali mtsogoleri wa Royal Anthropological Institute ku London. M'zaka za nkhondo yachiwiri anaphunzitsa ku America, ku Hartford ndi ku Fisk University, sukulu imene inakhazikitsidwa mu 1866 chifukwa cha akapolo omasulidwa. Anamwalira mu 1957 ku Deal, m'dziko la England.

Tsono timuyese bwanji? Akulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Koma kalumo kameta, katemanso. Mnzake wolemba naye buku la Aila anali wa boma lomwe lija lokhometsa msonkho, ndipo kudziwa miyambo ya anthu kunathandiza boma kuwalamulira mosavuta. Mau oyamba a The Golden Stool analembedwa ndi Frederick Lugard, mmisiri wa njira yolamulira anthu kudzera mwa mafumu ao. Smith anadzudzula nkhanza ndi kunyada kwa Azungu, koma chimene anapempha chinali ulamuliro wachifundo ndi wanzeru, osati kutha kwake. Ndiponso pa chikuto cha buku la Aila pali maina awiri okha, onse a Azungu, ngakhale nzeru za m'katimo zinatuluka m'kamwa mwa nkhalamba za Chiila.

Pamene Smith analekezera, ena anapitiriza. Harry Mwaanga Nkumbula, Mwila wa ku Maala, anaphunzira pa sukulu yomweyi ya ku Kafue nakhala mphunzitsi, ndipo mu 1951 anasankhidwa kutsogolera chipani cha Congress chimene chinakana Chitaganya ndi kufuna kuti eni dziko adzilamulire.

Aphunzitsi anzanga, ine ndine mwana pa ntchitoyi, koma ndiona kuti phunziro lake ndi lathu. Ngati mlendo anadzichepetsa zaka 13 kumvera akulu a mtundu wina, nanga ife tidzalephera bwanji kumvera agogo a ana amene tiwaphunzitsa? Tiyeni titenge kope ndi pensulo pa tchuthi chikudzachi, tikhale pansi ndi nkhalamba za m'midzi yozungulira sukulu zathu, tilembe mbiri ya mudzi, maina a mitsinje ndi miyambi. Ndipo pamwamba pa tsamba lililonse tiyambe talemba dzina la amene watiuza.