Philippa Schuyler: Woyimba Piyano Amene Anafera Ana Amasiye

Pa 9 Meyi 1967, ndege ya helikopita ya asilikali a ku America inagwera m'nyanja pafupi ndi mzinda wa Da Nang ku Vietnam. M'ndegemo munali ana amasiye amene ankasamutsidwa kuchoka ku Hue, kumene nkhondo inali itavuta. Mmodzi mwa amene anamwalira pa ngoziyo anali mayi wa zaka 35, Mkatolika, amene dziko linkamudziwa ngati katswiri woyimba piyano. Dzina lake linali Philippa Duke Schuyler.

Iye anabadwa pa 2 Ogasiti 1931 ku Harlem, dera la anthu akuda mumzinda wa New York. Bambo ake, a George Schuyler, anali mtolankhani wotchuka wachikuda. Mayi ake, a Josephine Cogdell, anali mzungu wochokera ku Texas. Masiku amenewo ukwati wotere unali woletsedwa ndi lamulo m'zigawo zambiri za dziko la America. Makolowo anafuna kuonetsa dziko kuti mwana wa mitundu iwiri angathe kupambana ana onse, ndipo anamulera ndi cholinga chimenechi. Mayi ake ankamudyetsa zakudya zosaphika, ngakhale chiwindi, ndipo ankalemba m'mabuku chilichonse chimene mwanayo wachita.

Philippa analidi ndi mphatso. Anayamba kuwerenga asanakwane zaka zitatu, ndipo pofika zaka zisanu ankayimba piyano pamaso pa anthu komanso kupeka nyimbo zake. Mu 1940 akuluakulu a mzinda wa New York anapatula tsiku lomulemekeza pa chionetsero chachikulu cha World's Fair. Maphunziro ake anachitira m'sukulu za Katolika. Ali ndi zaka 13 anapeka nyimbo ya gulu lalikulu la zoyimbira yotchedwa Manhattan Nocturne, ndipo mu 1946 anayimba pamodzi ndi gulu la New York Philharmonic pa bwalo la Lewisohn Stadium.

Koma ali pa msinkhu womwewo makolo ake anamuonetsa mabuku aja. Mtsikanayo anasweka mtima pozindikira kuti moyo wake wonse unali ngati mayeso ofuna kutsimikizira mfundo ya makolo. Chilonda chimenechi sichinapole msanga. Atakula, anakumana ndi chowawa china. Anthu amene ankamuombera m'manja ali kamwana sanafunenso kulipira kuti amvere mayi wachikuda akuyimba nyimbo za Bach kapena Chopin. Zitseko za maholo akuluakulu a kwawo zinayamba kutsekeka.

Pamenepo anayamba maulendo akunja. Anayimba ku South America, ku Ulaya, ku Asia ndi kuno ku Africa. Anayimbira Mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia, Mfumukazi Elisabeth ya ku Belgium, komanso dokotala Albert Schweitzer ku chipatala chake cha Lambaréné ku Gabon. Mu 1960 anayimba pa zikondwerero za ufulu wa dziko la Congo ku Léopoldville, umene lero ndi mzinda wa Kinshasa, m'masiku a Joseph Kasavubu ndi Patrice Lumumba. Mavuto atabuka m'dzikomo, iye anayamba kulemba nkhani m'manyuzipepala, ndipo mu 1962 anatulutsa buku lotchedwa Who Killed the Congo?

Mu 1958 Philippa analowa Mpingo wa Katolika. Pa maulendo ake a mu Africa ankafikira ku mamishoni, kumene anaona ansembe, abulazala ndi asisiteri akuphunzitsa ana, kusamalira akhate ndi kukhala ndi anthu awo ngakhale pa nthawi ya nkhondo. Zimene anaonazo anazilemba m'buku la Jungle Saints mu 1963.

Sikuti chikhulupiriro chinathetsa nkhondo ya mumtima mwake tsiku limodzi. Atatopa ndi tsankho, kwa kanthawi anadzitcha Felipa Monterro, n'kumadzionetsa ngati munthu wa mtundu wa Chisipanishi kapena Chipwitikizi, pofuna kuti azungu a kwawo amulandire. Njira imeneyi sinamupatse ulemu umene ankaufuna, ngakhalenso mtendere.

Mu 1966 anapita ku Vietnam kukayimba, ndipo chaka chotsatira anabwererako ngati mtolankhani wa nyuzipepala ya Manchester Union Leader. Kumeneko anadzipereka kuthandiza amishonale osamalira ana amasiye. Mtima wake unakhudzidwa makamaka ndi ana obadwa kwa asilikali a ku America ndi amayi a ku Vietnam, amene mbali zonse ziwiri zinkawakana. Ululu wa ana amenewa iye ankaudziwa kuyambira ubwana wake. N'chifukwa chake anakwera ndege ija pamodzi ndi ana a ku Hue. Ndege itagwa iye anali akadali moyo, koma sankadziwa kusambira, ndipo anamira.

Misa ya maliro ake inachitikira mu Cathedral ya St. Patrick ku New York. Patangotha mwezi umodzi, khoti lalikulu la dziko la America linathetsa malamulo onse oletsa ukwati wa akuda ndi azungu. Lero ku Brooklyn kuli sukulu ya ana aluso yotchedwa dzina lake.

Philippa Schuyler sali pa mndandanda wa anthu oyera, ndipo moyo wake unali ndi zophophonya zake. Komabe mbiri yake ili ndi mawu kwa makolo a ku Kawale, ku Biwi kapena ku Chinsapo amene mwana wawo amakhoza m'kalasi kapena amayimba limba m'kwaya. Mphatso ya mwana ndi yochokera kwa Mulungu, ndipo iyenera kusamalidwa. Koma mwanayo afunika kudziwa kuti kwawo amakondedwa ngakhale tsiku limene walephera mayeso. Ndipo m'miphakati momwemo muli ana amasiye amene alibe wowafunsa ngati adya.

Mzimu wake uuse mumtendere.